Kumene belu ndiye mfumu: moyo wa mtsikana pasukulu ya asisiteri ku Ludzi

Mwezi wa Sepitembala ukangolowa, eni magolosale pa Kamwendo, Kapiri, Mkanda, Waliranji ndi paboma pa Mchinji amadziwa katundu woti aike patsogolo: ndowa, masutikesi, mabulangete, sopo, shuga, makope ndi zolembera. Iyi ndi nyengo imene ndalama za mtedza, soya ndi fodya zimatuluka m'mipango kuti ana apite kusukulu.

Pakati pa ogulawo sipalephera kupezeka banja limene nkhope zake zikuchita kuwala. Mwana wawo wamkazi wakhoza mayeso a Sitandade 8 ndipo dzina lake latuluka pamndandanda wa opita kusekondale ya atsikana ya Ludzi. Nthungululu zidalira kale, nkhuku idafa kale, achibale adabwera kale kudzayamikira.

Koma chimwemwe chikazizirako, pamatsala pepala. Sukulu zogonera komweko zimapatsa wophunzira watsopano mndandanda wa zoti abweretse, zoti asayerekeze kubweretsa, ndi malamulo oti iye ndi makolo ake avomereze. Makolo ambiri maso awo amathamangira pamzere wa fizi, kwinako nkungodutsa. Chonsecho m'mizere yodumphidwayo ndimo muli moyo umene mwanayo akakhale kwa zaka 4: nthawi yodzuka, chovala chake, tsiku loonana ndi mayi ake, ngakhalenso mapemphero amene azikamva m'mawa ndi madzulo.

Kubanja la Chikatolika zimenezi sizidetsa nkhawa kwenikweni. Koma boma posankha ana silifunsa kalata ya ubatizo, choncho pabenchi limodzi pangathe kukhala Mkatolika, wa CCAP, wa Seventh Day Adventist, wa mpingo wa Pentekoste ndi Msilamu. Apa ndiye pamabuka funso limene mabanja ambiri amalifunsira mumtima: kodi mwana wathu akapita kwa asisiteri, akabwerako ali wathu yemwe uja?

Mizu ya mishoni

Mbiri ya maphunziro m'boma la Mchinji siingakambike popanda kutchula Eklezia Katolika. Ansembe a chipani cha White Fathers adatsegula mishoni ya Kachebere mu 1903, m'malire enieni a dziko lino ndi Zambia. Mu 1939 pamalopa padayamba seminale yaikulu imene idasula ansembe a mbali zonse ziwiri za malire. Ena mwa amene adaphunzira pamenepa ndi malemu Ambuye Patrick Kalilombe, omwe adakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972, komanso malemu Ambuye Medardo Mazombwe, omwe adatsogolera dayosizi ya Chipata ndipo adakhala kadinala mu 2010.

Patsogolo pake padabwera mishoni ya Guilleme, imene dzina lake lidachokera kwa episkopi Mathurin Guillemé, kenaka ya Ludzi. Koma amene adagwira pakhosi nkhani ya maphunziro a atsikana ndi asisiteri a chipani cha Sisters of Charity of Ottawa. Chipanichi adachiyambitsa ndi mayi Élisabeth Bruyère mu 1845 m'tauni ya Bytown, imene lero ndi mzinda wa Ottawa, likulu la dziko la Canada. Asisiteriwa adafika m'dziko muno mu 1946, ndipo Mchinji ndiye idakhala phata la ntchito zawo za sukulu ndi zipatala. Chipatala cha St Joseph ku Ludzi ndi cha St Michael ku Guilleme ndi zipatso zina za ntchito ya mishonizi.

Ludzi Girls ili m'gulu la sukulu zimene eni ake ndi mipingo koma boma limaikapo dzanja, makamaka potumiza ndi kulipira aphunzitsi. M'gulu lomweli muli Likuni Girls ku Lilongwe, Marymount ku Mzuzu, St Mary's ku Zomba, Stella Maris ku Blantyre ndi Providence ku Mulanje. Awa ndi maina amene samasowa pamene bungwe la Maneb latulutsa zotsatira za MSCE ndipo anthu ayamba kuwerengetsera sukulu zimene zachita bwino.

Kukhala ndi eni awiri kumeneku ndiko kumafotokoza zambiri za moyo wa pasukulu yotere. Silabasi ndi mayeso ndi za boma, pomwe mwambo ndi mzimu wa pamalopo ndi za Eklezia. Malamulo a Eklezia amapatsa episkopi wa dera udindo woyang'anira sukulu zonse zotchedwa za Katolika. Kwa Ludzi, udindowu uli m'manja mwa Arkidayosizi ya Lilongwe, imene kuyambira mu 2021 ikutsogoleredwa ndi Ambuye George Desmond Tambala.

Tsiku limayamba kusadache

Mtsikana wa Fomu 1 chinthu choyamba chimene amaphunzira pasukulu yogonera ya mishoni si masamu ayi, koma belu. Limalira kukadali kamdima, iye nkudzambatuka, kuyala bedi, kuthamangira kubafa ndi ndowa yake. Aliyense ali ndi gawo lake loti asese kapena akolope. Kenaka pemphero, phala, yunifolomu, nkulowa m'kalasi.

Belu lomwelo ndilo limamuitanira kunsima ya masana, kumasewero, kuntchito zamanja, kunsima ya madzulo ndi kupulepu, nthawi ija aliyense amakhala chete pamaso pa buku. Likalira komaliza, magetsi amazima ndipo macheza amathera pomwepo. Loweruka nlochapa ndi kukonza pamalo, Lamulungu ndi la Misa ndi kupumulako.

Chakudya cha m'sukulu zogonera chimadziwika dziko lonse: nsima, nyemba, ndiwo zamasamba, ndipo masiku ena kanyama kapena nsomba. Nchifukwa chake kamba wochoka kunyumba amasungidwa ngati golide. Ana a ku Mchinji pankhaniyi ndi mabwana, poti mtedza wokazinga ndi chiponde kwawo si za mtengo wapatali. Ubwenzi wambiri wa kuhositelo udayambira pabotolo la chiponde.

Masabata oyamba amakhala owawa. Mwana amene sadagonepo kutali ndi mayi ake amalirira m'bulangete, ena mpaka kudwala kumene chifukwa chopukwa kwawo. Koma m'mera mpoyamba. Teremu ikamafika pakati, thupi limakhala litazolowera, moti ambiri amadzuka belu lisadalire.

Kuti munthu amvetse phindu la beluli, ayerekeze ndi mnzake wa mtsikanayu amene adatsala pamsika nkumaphunzira pasukulu yoyendera. Uyo asadapite kusukulu amayamba wakatunga madzi, kutsuka mbale ndi kusambitsa ana. Akaweruka amakakhala pabeseni la mandasi kapena pabenchi la tomato mpaka dzuwa kulowa. Ena kwawo nkutali, ndiye amachita lendi kachipinda pafupi ndi sukulu nkumadziphikira okha, popanda wamkulu wowayang'anira. Nzeru angakhale nazo zofanana, koma nthawi yowerenga ndiyo amasiyana. Chimene kholo limagula likamalipira fizi yogonera, kwenikweni ndi nthawi imeneyi.

Lamulo lililonse lili ndi mwini nkhani

Malamulo amene amawawa kwambiri ana a masiku ano ndi odziwika. Sukulu zogonera zambiri siziloleza foni za m'manja. Kutuluka kunja kwa mpanda popanda chilolezo ndi mlandu waukulu. Alendo ali ndi tsiku lawo, ndipo si aliyense wodzitcha achimwene kapena amalume amene amaloledwa kuonana ndi wophunzira. Tsitsi, kutalika kwa siketi, ndolo ndi zodzoladzola, zonse zili ndi malire ake. Kuzunza a Fomu 1, kuba, mowa ndi kumenyana ndi milandu imene ingabweze mwana kunyumba.

Amene amaonetsetsa kuti zimenezi zikutsatidwa ndi ahedi, aphunzitsi, amatironi ndi mapulifekiti, omwe ndi ophunzira anzawo. Zilango zazing'ono zimakhala kutchetcha udzu, kukolopa kapena kukumba dzenje la zinyalala. Mlandu ukakula, mwana amauzidwa kuti akatenge kholo, kapena amaimitsidwa sukulu kwa masabata angapo.

Kwa mtsikana wa zaka 15, zonsezi zimaoneka ngati ndende. Koma lamulo la yunifolomu ndi tsitsi limachititsa kuti mwana wa mlimi wa ku Mkanda ndi mwana wa bwana wa ku Lilongwe aoneke chimodzimodzi m'kalasi, wina asadzimve kuperewera. Lamulo la mpanda ndi la alendo nalo lili ndi chifukwa chake chimene ziwerengero zimachitira umboni.

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti mwa atsikana 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 m'dziko muno, 29 adali atabereka kale kapena adali oyembekezera. Adapezanso kuti mwa amayi achitsikana 100 alionse, 42 adakwatiwa asadakwanitse zaka 18. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, dziko lidaona ndi maso momwe mimba ndi maukwati a ana zidachulukira pamiyezi yochepa chabe.

Ku Mchinji nkhaniyi ili ndi nkhope yakeyake. Ili ndi boma la m'malire, kumene msewu waukulu wochoka ku Lilongwe umadutsa kupita ku Mwami ndi Chipata. Magalimoto akuluakulu, osintha ndalama ndi mavenda ogula mbewu amabweretsa ndalama zoyenda m'manja, makamaka nyengo yokolola. Kwa mtsikana wosowa sopo ndi mafuta odzola, chikomekome cha mkuyu chimakhala pafupi. Makolo ambiri, kuphatikizapo amene sadapondepo m'tchalitchi cha Katolika, akamalimbirana malo kusukulu ya asisiteri amakhala akufuna mpanda umenewu.

Chaka cha sukulu, chaka cha Eklezia

Pasukulu ya Katolika pamayenda makalendala awiri. Teremu yoyamba imakumana ndi Okutobala, mwezi wa kolona, pamene dzuwa la ku Mchinji limaotcha ngati moto ndipo a Fomu 1 akungoyamba kuzolowera. Imatha nyengo ya Adiventi itayamba, ana nkupita kukadyera Khirisimasi kwawo.

Teremu yachiwiri ndi ya mvula ndi matope, miyezi imene kumudzi nkhokwe zimakhala zitapepuka ndipo kamba amabwera mwa apo ndi apo. M'teremu imeneyi ndimo mumagwa Lachitatu la Phulusa ndi nyengo ya Lenti, pamene Lachisanu lililonse Akatolika amayenda Njira ya Mtanda. Makolo ena amada nkhawa kuti ana awo azikakamizidwa kusala kudya. Koma lamulo la Eklezia la kusala kudya limayambira pa zaka 18, pomwe la kusadya nyama masiku oikika limayambira pa zaka 14. Kwa mwana amene ndiwo zake za tsiku ndi tsiku ndi nyemba, lachiwirili si mtolo wolemera.

Teremu yachitatu imatenga Meyi, mwezi wa Amayi Maria, nkutsetserekera m'chisanu cha Juni ndi Julaye, nyengo ya mayeso a JCE ndi MSCE. Apa ndiye tchalitchi chimadzaza popanda woitanira. Wa Fomu 4 aliyense amadziwa kuti mapointi ake adzawerengedwa kuchokera pamaphunziro 6 amene wakhoza bwino koposa, ndi kuti Chingerezi chikamugwetsa satifiketi palibe. Ngakhale uja ankawodzera pa Misa amayamba kugwada nthawi yaitali.

Kupatula mapemphero a onse, ophunzira ali ndi magulu awoawo. Akatolika ambiri amalowa YCS, kwaya kapena Lejiyo ya Maria, ndipo ena amaphunzira katekisimu kukonzekera ubatizo kapena ulimbitso. Ana a mipingo ina m'sekondale zambiri za m'dziko muno amasonkhana mu SCOM. M'magulu amenewa ndimo mtsikana wamanyazi amaphunzirira kuima pagulu, kuwerenga mawu mokweza, kusunga thumba la ndalama ndi kutsogolera anzake. Amayi ambiri amene lero ndi anamwino, aphunzitsi ndi akuluakulu a m'maofesi adayambira pamenepo.

Nanga amene si Mkatolika?

Chiphunzitso cha Eklezia pankhaniyi nchomveka. Msonkhano waukulu wa maepiskopi wa Vatican II, umene udatha mu 1965, udatsimikiza kuti munthu asakakamizidwe pa za chipembedzo. Buku la malamulo a Eklezia la 1983, pandime 748, limaletsa kuumiriza munthu kulowa Chikatolika mosemphana ndi chikumbumtima chake. Malamulo aakulu a dziko lino nawo, pagawo 33, amapatsa munthu aliyense ufulu wa chipembedzo, ndipo gawo 25 limapereka ufulu wa maphunziro.

Tsono kubatizidwa mokakamiza kulibe. Chimene sukulu zambiri za mishoni zimayembekezera nchakuti wophunzira aliyense apezeke pamapemphero a sukulu yonse ndi kulemekeza mwambo wa eni malo. Amene si Mkatolika amakhala nawo pa Misa, angathe kuimba nawo, koma salandira Ukaristia. Ichi ndi chinthu choti mwana auzidwe asadanyamuke, kuti asakachite manyazi podzuka ndi anzake kupita kutsogolo.

Mafunso ovuta amabwera pa zinthu za tsiku ndi tsiku. Wa Seventh Day Adventist atani ntchito ya Loweruka ikamugwera? Msilamu adya bwanji m'mwezi wa Ramadan, nanga aswali kuti? Wa mpingo wina angapite kukapemphera kunja kwa mpanda Lamulungu? Mayankho amasiyana sukulu ndi sukulu, ndipo kholo lanzeru limafunsa zimenezi tsiku loyamba, pamaso pa ahedi, mwana ali pomwepo.

Dziko lino lidakanganapo kale pankhani zotere. Mu 2000, Unduna wa Zamaphunziro utafuna kuchotsa phunziro la Bible Knowledge m'sekondale nkuikapo lina lokhudza zipembedzo zosiyanasiyana, mipingo ya Chikhristu, maka Akatolika, idakana kwamtuwagalu. Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Bakili Muluzi, adaimitsa kaye ganizolo, ndipo mapeto ake maphunziro onse awiri adaloledwa.

Mu 2019 kudabuka mkangano woopsa kwa M'manga m'boma la Balaka pankhani ya atsikana a Chisilamu ovala hijabu pasukulu ya mpingo wa Anglican. Bungwe la Public Affairs Committee, lodziwika kuti PAC, lidakhalira pakati, ndipo mu Juni 2021 atsogoleri a Chikhristu ndi a Chisilamu adasainirana mgwirizano wolola atsikanawa kuvala hijabu yogwirizana ndi mtundu wa yunifolomu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma. Mu Meyi 2023, bwalo lalikulu la milandu ku Zomba, kudzera mwa Jaji Zione Ntaba, lidagamula kuti kukaniza ana a Chirasta malo m'sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo nkuphwanya malamulo a dziko.

Nkhani zimenezi zidachitikira kutali ndi Ludzi, koma phunziro lake limafika paliponse: lamulo la sukulu liyenera kuyenda pansi pa lamulo la dziko, ndipo mkangano wa chipembedzo umatha bwino pokambirana kusiyana ndi pogenda miyala.

Pamene mwana wapunthwa

Malo ena amene mwambo wa sukulu umakumana ndi lamulo la dziko ndi pa chilango. Unduna wa Zamaphunziro udaletsa chikwapu m'sukulu. Komanso gawo 43 la malamulo aakulu a dziko limafuna kuti chiganizo chokhudza ufulu wa munthu chichitike mwachilungamo ndipo zifukwa zake ziperekedwe polemba. Choncho mwana akabwezedwa kunyumba, kholo lisathamangire kumukalipira kapena kukatukwana aphunzitsi. Liyambe lapempha kalata yofotokoza mlandu, ndi kufunsa ngati mwanayo adapatsidwa mpata wonena mbali yake.

Nkhani yolemera koposa ndi ya mimba. Kale mtsikana akangopezeka woyembekezera, sukulu yake imathera pomwepo. Kuyambira mu 1993 boma lili ndi ndondomeko yolola mtsikana wotere kubwerera kusukulu akabereka, ndipo ndondomekoyi idaunikidwanso mu 2018. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 akhale mwana, kotero kumukwatitsa chifukwa cha mimba si njira yololedwa.

Mabanja ambiri sadziwa zimenezi. Manyazi akawagwira amangoti basi zake zada, nkumutumiza kwa agogo kapena kutsidya kwa malire. Ena amaopa kuti poti sukulu ndi ya mpingo, khomo latsekedwa mpaka kalekale. Chonsecho ofesi ya zamaphunziro ingathe kuthandiza kuti mwanayo abwerere, kaya pasukulu yomweyo kapena ina. Eklezia imene imaphunzitsa kudzisunga ndi yomweyonso imene imaphunzitsa kulapa ndi kukhululuka.

Belu likasowa

Pa zonsezi, mayeso enieni a malamulo a sukulu sachitikira m'kalasi. Amachitika pa holide, mtsikana akatsika minibasi pa Kamwendo kapena pa Kapiri ndi sutikesi yake. Kunyumba kulibe belu, kulibe amatironi, kulibe pulifekiti. Kuli foni ya achemwali ake, mavidiyo a pamsika ndi anyamata a njinga zamoto amene akudziwa kuti ana a sukulu abwera.

Ena amafika nkumasuka ngati mbuzi yodula chingwe, moti zimene asisiteri adamanga miyezi 3 zimagumuka pasabata imodzi. Ena amadzuka okha m'mamawa, kusesa pabwalo, kuthandiza mayi awo pamsika, madzulo nkutsegula buku. Kusiyana kwa awiriwa nthawi zambiri kumachokera kunyumba: ngati makolo adakhala naye pansi mwana nkumufotokozera chifukwa cha malamulo aja, kapena adangosaina pepala nkumusiya pageti.

Funso lija loti akabwerako ali wathu yemwe uja, yankho lake lili pomwepa. Mwana wa CCAP angabwere akudziwa nyimbo za Misa ndi kachitidwe ka chizindikiro cha mtanda, koma Lamulungu nkutsagana ndi mayi ake kumpingo kwawo monga kale. Angabwerenso atakopeka mtima ndi Chikatolika, ndipo pamenepo banja liyenera kukambirana modekha. Chimene sichisowa mwa ambiri ndi chizolowezi chosunga nthawi, kugwira ntchito ndi manja awo ndi kukhala mwamtendere ndi anzawo opemphera mosiyana nawo.

Tsono pamene ndowa yagulidwa, chiponde chasinjidwa ndipo fizi yamangidwa pampango, bambo ndi mayi asaiwale pepala lija. Aliwerenge lonse, mzere ndi mzere, mwana ali pambali pawo. Kuongola mtengo mpoyamba, ndipo asisiteri sangauongole okha.